Musanatulutse ndalama: zoti muone pogula galimoto yoti inayendapo kale

Mwezi sutha foni yanga isanalire ndi nkhani yomweyomweyi. "Akulu, ndaona ka Sienta pa Facebook, koyera bwino, mwini wake akuti akufuna ndalama msanga. Ndikaone chiyani?" Amenewo ndiye abwino. Ena amaimba atagula kale, galimoto itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake. Ndagwira sipanala zaka zambiri, ndaperekeza alamu anga, anzanga a kutchalitchi ndi ana a anzanga kukagula magalimoto, ndipo pakamwa patopa n'kubwereza. Ndiye ndalemba kamodzi. Wondifunsanso ndizingomutumizira izi.

Ambiri mukapita kukaona galimoto maso amathera pa penti, wailesi ndi marimu. Koma zimene zimaliza anthu ndi ziwiri: injini yobisidwa matenda, ndi mapepala. Injini imakonzeka, ngakhale thumba limve kuwawa. Mapepala oipa palibe makaniko angawamange ndi sipanala, n'chifukwa chake ndidzachedwapo kwambiri tikafika pamenepo.

1. Yambani mwafunsa mtengo wa sipeya, musanakonde galimoto.

Musanaimbire wogulitsa aliyense, pitani ku Ndirande kapena ku Limbe ngati muli ku Blantyre, ku Biwi ngati muli ku Lilongwe, mukafunse mtengo wa zinthu zinayi za galimoto imene mukuifunayo: mashoko, nyali yakutsogolo, giyabokosi ndi injini yonse. Mukamva ogulitsa atatu akunena kuti "zimenezo n'zochita kuitanitsa", dziwani kuti tsiku lina galimotoyo idzaima miyezi kudikira kachitsulo kamodzi. Vitz, Passo, Probox, Sienta, Corolla, Fit, Demio, Note, zonsezi zida zake zili mbwee chifukwa zadzaza m'misewu. Galimoto ya ku Ulaya yooneka yaulemu imene akugulitsa pa mtengo wa Passo, pali chifukwa chake. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochita kuitanitsa kunja chinakhala chowawa.

Ndipo musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Siyani zina za oyilo, matayala, inshuwaransi ndi kusintha dzina. Galimoto yakale iliyonse imapempha kanthu mwezi woyamba.

2. Dziwani amene mukulankhula naye.

Funso loyamba pa foni likhale ili: "Blue book ili m'dzina la ndani?" Blue book ndi chikalata cha ku Road Traffic chosonyeza mwini galimoto. Yankho likakhala "ya achimwene anga", "ya bwana wina wake" kapena "tikambirana mukafika", ndiye kuti mukulankhula ndi dobadoba, munthu wapakati amene amadyera pa kukumanitsa wogula ndi wogulitsa. Si onse oipa, ena amadziwadi kumene kuli magalimoto. Koma dobadoba amaikapo yake pamwamba pa mtengo, sadziwa mbiri ya galimoto, ndipo ikadzavuta foni yake siidzapezekanso. Muuzeni mwaulemu kuti mumupatsa yake ya sopo, koma mukufuna kuonana ndi mwini wake maso ndi maso.

Funsaninso ngati ndi yongofika kumene kapena yayenda kale kuno. Zambiri zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kuyendetsedwa pamsewu makilomita oposa 800 kudzalowera pa Songwe ku Karonga. Zina zimachokera ku Joni kudzera pa Mwanza kapena Dedza. Yongofika kumene nthawi zambiri miyendo yake imakhala yabwino chifukwa sinalawe maenje athu, koma onetsetsani batire, tayala la sipeya, jeke ndi wailesi, pakuti ulendo ndi wautali ndipo zinthu zimasinthidwa m'njira. Yoyenda kale kuno ndi imene ikufunika diso lakuthwa.

3. Pitani m'mawa, injini isanalizidwe.

Apa musagonje. Uzani mwini wake kuti mubwera kumene galimoto yagona, ndipo asailize mpaka mufike. Mukafika, musanapereke ndi moni wautali, ikani dzanja pa boneti, kenako tsegulani mugwire injini. Ikakhala yofunda, funsani chifukwa chake. "Ndimakasiya ana kusukulu" likhoza kukhala yankho loona, koma bwerani mawa lake. Injini yotopa imaulula zonse ikangodzuka: kuvuta kulira, kugogoda, kufuka. Ikatentha zambiri zimabisala, ndipo ogulitsa akudziwa zimenezi kuposa inu.

Musaone galimoto madzulo kapena mvula ikugwa. Bodi yonyowa iliyonse imaoneka yatsopano. Tengani tochi, kansanza koyera ndi kamaginito kakang'ono, ngakhale kochotsa mu sipika yakufa.

4. Zungulirani bodi pang'onopang'ono.

Imani pakona yakutsogolo, mugwade, muyang'ane m'mbali mwa galimoto molunjika kumbuyo ngati mukuona ngati thabwa lawongoka. Pamene panamenyedwa n'kuwongoledwa pamaoneka timafunde. Yerekezani mtundu wa chitseko chilichonse ndi chinzake. Penti wopopera ku galaja safanana ndendende ndi wa ku fakitale, makamaka wa siliva. Kokani pang'ono mphira wa m'mphepete mwa galasi kapena chitseko: mukapeza penti atadontheza pa mphira, pamenepo panapoperedwa.

Kutani kamaginito m'kansanza kuti musakande, muyendetse pa zitseko ndi m'mapiko, zitsulo za bodi zimene zili pamwamba pa matayala. Pa chitsulo kamagwira. Pamene kakuterereka osagwira pali bodi fila, phala louma limene amamata pobisa pobonyoka. Mabampala ndi apulasitiki, musavutike nawo.

Kukandika ndi kubonyoka pang'ono si nkhani, m'tauni muno ndani sanagundidwepo ndi kabaza? Chimene mukufufuza ndi ngozi yaikulu imene inapinda mafupa a galimoto. Tsegulani boneti muone mabawuti omangira mapiko ndi boneti yeniyeniyo: ngati mitu yake yasupuka penti, sipanala inadutsapo. Onani zitsulo ziwiri zazikulu zimene zimachokera ku bampala kulowa mkati m'mbali mwa injini. Zikhale zosalala, zopanda makwinya kapena zowotcherera zachilendo. Kumbuyo, tulutsani tayala la sipeya muone pansi pake. Galimoto yogundidwa kumbuyo imabisa chilonda chake m'dzenje limenelo chifukwa okonza sataya nthawi kusalaza posaoneka. Mipata ya pakati pa boneti ndi mapiko ikhale yofanana uku ndi uku. Chala chikalowa mbali imodzi n'kukanika mbali inayo, china chake chinasuntha.

Kenako gonani pansi ndi tochi, zovala muchapa. Magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan, kumene kumagwa chipale ndipo amathira mchere m'misewu, amabwera ndi dzimbiri pansi pomwe pamwamba pakuwala. Dzimbiri lofiirira pamwamba pa chitsulo si vuto. Limene likuyoyoka mukakanda ndi kiyi, lisiyeni.

Pali zinanso zimene zinamira. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndimakweza kapeti wa galimoto iliyonse ya kumwera kuno. Matope ouma pansi pa kapeti, dzimbiri pa njanji za mipando, fungo la chinyontho lophimbidwa ndi perefyumu wambiri, lamba wa mpando wothimbirira mukamukoka mpaka kumapeto: madzi analowa. Yomira imayenda bwinobwino miyezi ingapo, kenako mawaya amayamba misala imene palibe amaimvetsa.

5. Pansi pa boneti, injini ili chete.

Injini yotsukidwa mbee, yopakidwa mafuta owalitsa, imandikayikitsa kuposa yafumbi. Fumbi limasonyeza pamene pakudontha. Solani dipisitiki mupukutire pa kansanza: oyilo wakuda pang'ono ali bwino, wa dizilo amada msanga mwachibadwa. Wolimba ngati uchi wozizira ndi wokayikitsa, chifukwa ena amathira oyilo wokhuthala kwambiri kuti atseke pakamwa injini yogogoda. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo muone kunsi kwake ndi mkati. Phala lakuda lomata likunena kuti oyilo sankasinthidwa. Zoyera ngati chambiko zikunena kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo kawirikawiri ndi hedi gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, imene yapsa.

Tsegulani radiyeta, injini ikadali yozizira. Yotentha musayerekeze, idzakusupulani nkhope. Mukhale madzi amtundu, obiriwira, ofiira kapena apinki. Mukapeza madzi a pampopi adzimbiri, galimotoyo yakhala ikuthiridwa madzi pafupipafupi, ndipo funso n'lakuti ankapita kuti.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa: galimoto ikayamba kuwira, amakaniko ena m'malo mochiza amachotsa thermostat, kachida kotsegula ndi kutseka njira ya madzi molingana ndi kutentha kwa injini, n'kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse. Ndiye mukatembenuza kiyi injini ili yozizira, AC ili yozimitsa, fani n'kuyamba kuzungulira pompo, dziwani kuti galimotoyo ili ndi mbiri ya kutentha imene simunauzidwe.

6. Tembenuzani kiyi, koma musalize kaye.

Nyali zonse za pa dashibodi ziyake: ya injini, ya oyilo, ya batire, ya ABS, ya airbag. Ziwerengeni. Mukaliza, zonse zizime patapita timasekondi. Chinyengo chofala ndi kuchotsa kababu ka nyali ya injini kapena kukamata tepi yakuda mkati. Choncho nyali imene sinayake n'komwe ndi yoopsa kuposa imene yakana kuzima. Ya airbag ikapanda kuyaka, ganizirani za ngozi ija munkaifufuza pa bodi.

Tsopano mnzanu alize, inu muime kumbuyo muone ekizozi. Kautsi koyera kopepuka m'mawa wozizira, kotha pakapita mphindi zochepa, ndi nthunzi chabe. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, injini yatha mkati. Woyera wochindikala wosatha ndi madzi akulowa moyakira mafuta. Wakuda ndi mafuta ochuluka osapsa bwino, ndipo pa dizilo ukhoza kukutengerani ku ma injector kapena pampu, zinthu zosaseketsa mtengo. Bwererani kutsogolo mumvetsere. Kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kukufulumira mukaponda moto, ndiye kuja timati injini ikufuna kunoka. Tsanzikani.

Ekizozi ikamalira mopanda ulemu ndiponso kununkha kwambiri, suzumirani pansi muone ngati catalytic converter ilipo. Ndi kachitini ka pa paipi ya utsi kamene kali ndi zitsulo zodula mkati, ndipo kamadulidwa n'kugulitsidwa, pamalo pake n'kuwotchererapo paipi wamba.

7. Makilomita musawakhulupirire okha.

Kubweza makilomita ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa wodziwa. Galimoto ya zaka 15 yolemba 48,000 ifunsidwe mafunso. Yang'anani mphira wa pa buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Ngati chiwongolero chasalala ngati mpini wa khasu ndipo mpando wafwamphuka, nambala ija ikunama. Za ku Japan zimabwera ndi export certificate, chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo, imene imalembedwa makilomita amene galimoto inali nawo pamene inkayezedwa ndi boma kumeneko. Wogulitsa yongofika kumene akhale nacho chikalatacho kapena kope lake. Ngati pali pepala la ku okushoni, onani giredi pakona: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakati, R kapena RA ndi yoti inachita ngozi n'kukonzedwa.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake fufuzani manambala anayi akumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika pa M1 dzuwa la Okutobala ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Lodyeka mbali imodzi likuloza ku miyendo yopindika.

Za Sienta, Freed ndi Probox ndiwonjezerepo. Zambiri zagwirapo ntchito ya takisi, kunyamula anthu asanu ndi anayi ndi matumba a chimanga, osalembetsedwa ngati takisi. Mwini wake adzakuuzani kuti "inali ya madamu, yopitira ku ofesi basi". Onani chitseko chotsetsereka cha Sienta ndi Freed ngati chikulendewera, mipando yakumbuyo ngati yaphwa, masipuling'i akumbuyo ngati anasinthidwa kuti ikwere, ndi buti ngati yakandikakandika. Nthawi zina fungo la usipa limayankha lokha.

8. Iyendetseni nokha, wailesi itazimitsidwa.

Kuzungulira mpanda sikuyesa galimoto. Mphindi 30 ndiye poyambira, ndipo mafuta thirani ndinu kuti pasakhale chowiringula. Mufunika msewu wa mabampu, chitunda, ndi pena poti muthamange. Pa mabampu mvetserani kugubuduka kwa mashoko ndi mabushi. Pamalo oyera pindani chiwongolero mpaka kumapeto muzungulire pang'onopang'ono: "ta-ta-ta" wakutsogolo ndi CV joint, mfundo ya pa chitsulo chozungulitsa tayala. Pamsewu wowongoka pepukitsani manja muone ngati ikukokera mbali. Pondani buleki mwamphamvu kamodzi, kumbuyo kulibe munthu. Isanjenjemere kapena kukhota.

Tigalimoto tambiri ta ku Japan tili ndi giyabokosi ya CVT, imene siisintha magiya modumpha koma imangokoka mosalala. Imafuna mafuta akeake, ndipo ambiri kuno amaithira ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki wamba, n'kuipha pang'onopang'ono. Imani pa chitunda, munyamuke mofatsa. Ikanjenjemera ponyamuka, ikalira ngati mluzu, kapena injini ikakwera mawu liwiro osabwera, giyabokosi ili m'njira. Honda Fit yoyambirira ija imadziwika ndi kunjenjemera kumeneku. Ikani R ndi D mosinthanasinthana mutaponda buleki: isachedwe kugwira, isagunde. Ya manual, ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa mupondetse moto. Injini ikakwera yokha galimoto osathamanga, kilatchi yatha.

Mukabwerera musazimitse. Isiyeni ilire mphindi khumi AC ili yoyatsa, diso pa geji kapena nyali ya kutentha. Kenako isuntheni muone pansi pamene inaima.

9. Makaniko akhale wanu.

Osati wa wogulitsa, osatinso amene dobadoba wakulozerani. Mulipireni tsiku lake, aikweze kapena aiike pa dzenje, alumikize kompyuta yoyezera. Ya hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi, ngati Aqua kapena Prius musagule popanda kuyeza batire lake lalikulu. Mwini galimoto akakana kuti ipite ku galaja, wakuyankhani kale.

10. Mapepala. Khalani pansi, apa ndiye pali nkhani.

Mlamu wanga anagula galimoto yabwino kwambiri, ndinaiyeza ndekha ndipo mpaka lero injini yake sinatsegulidwepo. Tsiku lolipira ine kunalibe. Anapereka ndalama zonse, anapatsidwa makiyi, blue book ndi kalata yolemba pamanja, anagwirana chanza. Dzina la mu blue book silinali la amene anamugulitsayo. "Musadandaule alamu, ameneyo ndi amene ndinamugula, tikamupeza sabata ya mawa." Sabata ya mawayo inatha chaka ndi miyezi. Mwini dzina anali atapita ku Joni, ndipo zinadziwika kuti galimotoyo inali itadutsa m'manja mwa anthu atatu popanda ndi mmodzi yemwe wosintha dzina. Mlamu wanga ankayendetsa galimoto imene pa malamulo sinali yake, sakanatha kuigulitsa, ndipo pa rodibuloko iliyonse mtima unkagunda. Anachita kutumiza ndalama ya basi kuti munthu uja abwere.

Ndiye chitani izi, mwa ndondomeko yake.

Choyamba, nambala ya chasisi. Musaiwerenge pa kachitsulo komata ndi marivheti kokha, chifukwa kameneko kamasunthika. Ipezeni pamene inadindidwa pa bodi penipeni: pa khoma la kuseri kwa injini, kapena pansi pa mpando wa dalaivala pamene pali kachivindikiro pa kapeti. Za ku Japan zimayamba ndi zilembo za mtundu wa galimoto, monga NCP81 pa Sienta yakale ija kapena KSP90 pa Vitz, kenako kamzere ndi manambala. Za ku South Africa ndi ku Ulaya zimakhala ndi zilembo ndi manambala 17 pamodzi. Mnzanu agwire blue book, inu muziwerenga mokweza chimodzichimodzi. Pukutani pamalopo, muunike ndi tochi chammbali, mupapase ndi chala. Manambala a ku fakitale amakhala ofanana kukula, pamzere umodzi, pa chitsulo chosalala. Mukaona pozungulira pake pali zowotcherera, popalidwa ndi gulainda, kapena penti watsopano pamalo pokhapo, bwezani makiyi. Galimoto yobedwa imavekedwa nambala ya inzake imene inaphwanyika pa ngozi, ndipo tsiku loigwira apolisi sadzafunsa kuti munagula zingati. Chitaninso chimodzimodzi ndi nambala ya injini. Kusintha injini si mlandu, koma yatsopanoyo iyenera kulembetsedwa. Ngati sizikugwirizana, wogulitsa akakonze yekha musanagule.

Chachiwiri, dzina. La mu blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene waima pamaso panu, ndipo nkhope ifanane ndi chithunzi. Blue book ikhale yeniyeni. Akakupatsani fotokope n'kunena kuti yeniyeniyo "ili kunyumba" kapena "inasowa", ganizirani za chikole. Anthu amakongola ndalama ku banki, ku mabungwe obwereketsa kapena kwa akatapila n'kusiya blue book kumeneko, kenako n'kugulitsa galimoto mwakachetechete. Wokongozayo akadzabwera adzatenga galimoto, osati nkhani zanu.

Ngati mwini dzina anamwalira, musagule kwa mwana mmodzi kapena m'bale amene wangogwira makiyi. Chuma cha masiye chili ndi malamulo ake, ndipo wogulitsa akhale ndi zikalata zomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Kupanda apo mudzapezeka pakati pa mkangano wa banja losakukhudzani, mayi wamasiye mbali iyi, akuchimuna mbali iyo. Ngati ndi ya kampani kapena bungwe, pakhale kalata ya bungwelo yovomereza kugulitsa, ndipo ndalama zipite ku akaunti ya bungwe, osati ya dalaivala kapena bwana wa thiransipoti.

Chachitatu, msonkho. Galimoto iliyonse yolowa m'dziko imadutsa m'manja mwa MRA. Pemphani mapepala osonyeza kuti msonkho unalipidwa, ndipo ngati mtima ukukayika pitani nawo ku ofesi ya MRA, ku Blantyre ndi ku Msonkho House, akakutsimikizireni ndi nambala ya chasisi. Pali misampha iwiri. Wina ndi galimoto imene inalowa mwa duty free, kutanthauza kuti mwini wake, kaya ndi bungwe, kazembe kapena wina wololedwa ndi lamulo, anakhululukidwa msonkho. Chikhululukocho n'cha iyeyo, sichisamukira kwa inu chokha, ndipo MRA ikhoza kuigwira galimotoyo kufuna msonkho wake. Msampha wina ndi ya nambala ya kunja, makamaka ya ku Joni, imene inalowa ndi chilolezo chongoyendera kwa kanthawi. Mtengo wake umakoma chifukwa msonkho mulibemo. Wogulitsa adzati "kukiliya ndi pang'ono chabe". Musamve za pakamwa, kafunseni nokha chiwerengero chenicheni musanapereke ngakhale tambala.

Chachinayi, apolisi. Galimoto yochokera kunja imayenera kuonedwa ndi a Interpol isanalembetsedwe, pofuna kutsimikiza kuti siinabedwe kwina. Yongofika kumene ikhale ndi pepala limenelo. Ya ku South Africa ndimaumirira kwambiri, chifukwa kumeneko kuba magalimoto n'kuwaolotsa malire ndi ntchito ya anthu ena.

Chachisanu, ndipo apa ndi pamene mlamu wanga anagwera: pitani ku Road Traffic limodzi ndi mwini dzina, tsiku limodzi, pa galimoto yomweyo. Zonse kumeneko zili mu kompyuta ya MalTIS, imene imasunga dzina, chithunzi ndi zidindo za zala za munthu, ndipo dzina silisintha popanda mwini wake kuvomereza. Inunso mukhale mutalembetsa kale n'kutenga khadi lanu la traffic register, musakayambe zimenezo tsiku logula. Pachipata mudzakumana ndi madobadoba ena okuuzani kuti "bwana, tipangireni zachangu, mwini wake safunika". Njira yachidule imeneyo ndi imene imabala mapepala ophika. Imani pa mzere. Muli komweko mudziwanso ngati galimotoyo ili ndi ngongole ya zindapusa, ndipo zimenezo alipire wogulitsa kapena zichotsedwe pa mtengo.

COF, pepala losonyeza kuti galimoto inayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, onani tsiku lothera ndi nambala yake. Koma musaitenge ngati umboni woti galimoto ili bwino. Ndaonapo za COF yatsopano zopanda mabuleki akumbuyo. Inshuwaransi dulani yanu m'dzina lanu, ngakhale ya third party, yolipira okhawo amene mwawagunda, imene lamulo limafuna, musanaitulutse pamsewu.

11. Kalipiridwe.

Musatumize "ya kusungitsa" pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene simunamuone, pa galimoto imene simunaigwire. Zithunzi za pa Facebook aliyense akhoza kuzikopera. Mawu oti "pali wina akubwera ndi ndalama masana ano" ndinayamba kuwamva ndili mnyamata, ndipo wina uja sanafikebe.

Lembani mgwirizano: maina onse ndi manambala a ziphaso, mtundu wa galimoto, nambala ya pamsewu, ya chasisi, ya injini, makilomita, mtengo, zimene zaperekedwa ndi zotsala, ndi mawu oti wogulitsa akutsimikiza kuti galimotoyo si chikole ndipo ilibe ngongole ya msonkho. Mboni ziwiri, mbali iliyonse yake, zisaine. Jambulani chiphaso cha wogulitsa. Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili mu blue book, kuti pakhale mapazi. Chikwama cha ndalama pa malo oimika magalimoto chimaitana mavuto.

Ndipo gawani malipiro. Gawo loyamba posainirana, lotsala pa Road Traffic dzina likasintha. Wogulitsa woona mtima adzang'ung'udza za nthawi yake koma adzapita. Munthu amene walandira zonse sakhalanso ndi chifukwa choimira pa mzere chifukwa cha inu, ngakhale atakhala wa mpingo wanu.

Polandira galimoto werengani makiyi. Kiyi wa chip kapena wongodina uja kudulitsa wina n'kodula, ndiye ngati alipo mmodzi yekha, chotsaniponi pa mtengo. Onani jeke, sipanala ya matayala, sipeya ndi matriangle, chifukwa apolisi apamsewu adzazifuna mawa lomwe.

12. Sabata yoyamba.

Kaya anakuuzani kuti "ndangopanga sevisi dzulo", pitani nayo kwa makaniko wanu. Asinthe oyilo ndi mafyuluta, aone mabuleki, athire madzi oyenera mu radiyeta, abwezeretse thermostat ngati inachotsedwa. Ya CVT ithiridwe mafuta olembedwa pa dipisitiki kapena m'buku lake, botolo mulione ndi maso anu lisanatsegulidwe. Funsani ngati injini yanu ili ya tcheni kapena ya lamba: injini ya 1NZ ya mu Sienta ndi Probox ndi ya tcheni, koma ngati yanu ili ya timing belt ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasintha, sinthani tsopano. Ulendo wa kumudzi wokaonetsa galimoto kwa amayi udikire kaye mpaka mutayenda nayo m'tauni masabata awiri, mukusuzumira dipisitiki ndi madzi m'mawa uliwonse.